Sefa ya mabakiteriya mu sampu ya akwariyamu ya makorali

Sefa ya mabakiteriya ndi njira yoyeretsera madzi a mu akwariyamu pogwiritsa ntchito tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya poizoni wochokera m'thupi mwa nsomba ndiponso m'zakudya zowola. Akwariyamu ya makorali ndi thanki yagalasi yowetera makorali, nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja yamchere. Nthawi zambiri pansi pa thankiyi pamakhala thanki ina yaing'ono yobisika m'kabati, yotchedwa sampu, kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti sump. Mu sampu ndi mmene oweta amaikamo miyala, timibulu tadongo lootcha, galasi lamabowobowo kapena timipira tapulasitiki kuti mabakiteriya akhalemo.

Zinthu zimenezi pazokha sizichotsa poizoni. Ntchito yake ndi kupereka malo oti mabakiteriya amatirirepo ndi kuswana. Choncho mphamvu ya sefa sidalira mtengo wa zinthuzo kapena kuchuluka kwake kokha. Imadalira kwambiri malo amene zaikidwa, madzi amene akudutsamo, okosijeni amene ali m'madzimo, ukhondo wake, komanso nthawi imene mabakiteriya apatsidwa kuti achuluke nsomba zisanaikidwe.

Vuto la amoniya

Nsomba zikagaya chakudya zimatulutsa amoniya, makamaka kudzera m'ziwalo zopumira. Amoniya wina amachokera ku ndowe, chakudya chotsala ndi zamoyo zakufa zimene zikuwola. M'nyanja madzi ndi ochuluka moti amoniyayu amasungunuka n'kumwazika. Mu thanki yamalita 300 kapena 400 alibe kopita, ndipo amangounjikana. Akachuluka amawononga ziwalo zopumira ndi ubongo wa nsomba. Nsombazo zimayamba kupuma mwaphuma, zimasiya kudya, ndipo zingathe kufa m'masiku ochepa.

M'madzi amoniya amapezeka m'mitundu iwiri. Mtundu wa NH3 ndi umene uli woopsa kwambiri, pamene wa NH4+ suvulaza kwenikweni. Kuchuluka kwa mtundu uliwonse kumadalira pH, womwe ndi muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa. Pa madigiri 25 ndi pH 7, mtundu woopsawo sukwana 1 peresenti ya amoniya yense. Pa pH 8 umafika pafupifupi 5 peresenti. Madzi a makorali amasungidwa pa pH ya pakati pa 7.8 ndi 8.4, ndiye amoniya wochepa yemweyo amavulaza msanga kuposa mmene angachitire m'madzi a pH yotsika. Oweta mbuna za m'nyanja ya Malawi amakumananso ndi vuto lomweli, chifukwa madzi a nsombazi, ngakhale alibe mchere, nawonso ndi a pH yokwera.

Mmene mabakiteriya amagwirira ntchito

Kuyeretsa kumachitika m'magawo awiri. Gulu loyamba la tizilombo limasandutsa amoniya kukhala nitrite, NO2. M'gululi muli mabakiteriya a mtundu wa Nitrosomonas ndi Nitrosococcus, komanso tizilombo tina tofanana ndi mabakiteriya totchedwa archaea. Gulu lachiwiri, monga Nitrospira ndi Nitrobacter, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, NO3. Nitrite ndi woopsa kwambiri m'madzi opanda mchere, koma m'madzi amchere mphamvu yake imachepa chifukwa mchere umamutchinga kulowa m'magazi a nsomba. Nitrate ndi amene savulaza msanga pa atatuwa.

Magulu onse awiri amafuna okosijeni wambiri. Kuti galamu imodzi ya nayitirojeni wa mu amoniya isanduke nitrate, pamalowa okosijeni wokwana pafupifupi magalamu 4.6. Ntchitoyi imatulutsanso asidi amene amadya kaboneti wa m'madzi, yemwenso makorali amamufuna pomanga mafupa awo. N'chifukwa chake oweta amayeza kaboneti kawirikawiri ndi kumuwonjezera akatsika.

Tizilomboti sitikonda kuyandama m'madzi. Timamatirira pa miyala, mchenga, galasi ndi mapaipi, n'kupanga kachikuta koterera kofanana ndi kamene kamakhala pa mwala wa mumtsinje. Timaswananso pang'onopang'ono. Pamene mabakiteriya ena amawirikiza chiwerengero chawo m'mphindi 20 kapena 30, awa amatenga maola ambiri, nthawi zina kupitirira tsiku lathunthu.

Palinso gawo lachitatu limene limachitika pamalo opanda okosijeni wokwanira, monga mkatikati mwa mwala kapena pansi pa mchenga wakuya. Pamenepo mabakiteriya ena amagwiritsa ntchito nitrate m'malo mwa okosijeni, n'kumusandutsa mpweya wa nayitirojeni umene umachoka m'madzi n'kupita mumlengalenga.

Mbiri

M'chaka cha 1877 akatswiri awiri a ku France, Schloesing ndi Müntz, anasonyeza kuti amene amasandutsa amoniya kukhala nitrate ndi tizilombo tamoyo. Cha m'ma 1890 Sergei Winogradsky anafotokoza mabakiteriya ochita ntchitoyi. Nzeru imeneyi inayamba kugwira ntchito pa ulimi ndi poyeretsa madzi a zonyansa za m'mizinda, kenako inafika ku akwariyamu.

M'chaka cha 1961 Lee Chin Eng wa ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, analemba za njira yowetera zamoyo za m'nyanja pogwiritsa ntchito miyala yotengedwa m'nyanja pamodzi ndi zamoyo zake, popanda makina ambiri. Oweta ambiri a nthawi imeneyo ankadalira sefa yoyalidwa pansi pa timiyala ta mu thanki. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 oweta a ku Germany, kuphatikizapo Peter Wilkens, anakhazikitsa njira imene inadzadziwika ndi dzina la mzinda wa Berlin. Njirayi imadalira miyala yamoyo, kuwala kwamphamvu ndi makina ochotsa zonyansa ndi thovu. M'chaka cha 1986 nkhani za George Smit zinatchukitsa ku North America sefa yochokera ku Netherlands, imene madzi amadontha pa zinthu zosamira. Sefa imeneyi inathandiza kuti sampu ifale m'nyumba za oweta wamba.

Kafukufuku wa tizilomboti akupitirirabe. M'chaka cha 2005 akatswiri analengeza kuti apeza Nitrosopumilus maritimus, kachilombo ka m'gulu la archaea kodya amoniya, ndipo anakapeza mu thanki ya madzi amchere ya ku Seattle Aquarium ku United States. M'chaka cha 2015 kunadziwika kuti mitundu ina ya Nitrospira imatha kuchita yokha magawo onse awiri, kuchoka pa amoniya mpaka pa nitrate.

Kapangidwe ka sampu

Madzi amasefukira kuchoka mu thanki yaikulu, n'kutsika ndi paipi kulowa mu sampu, ndipo pampu imawakwezanso m'mwamba. Sampu imagawidwa m'zipinda ndi timakoma tagalasi kapena tapulasitiki. Madzi amadutsa pamwamba ndi pansi pa timakomati mosinthanasinthana, zimene zimathandiza kuti tithovu ta mpweya tisafike ku pampu.

Kawirikawiri zipindazo zimatsatana motere. Choyamba ndi cholandirira madzi, ndipo mumakhala thumba lansalu kapena thonje losefera zinyalala zooneka ndi maso. Chachiwiri mumakhala makina otchedwa protein skimmer, amene amasakaniza madzi ndi tithovu tambirimbiri. Zonyansa zimamatirira ku tithovuto n'kukwera mpaka m'kapu yotayira, zisanawole n'kusanduka amoniya. Chachitatu mumakhala zokhalamo mabakiteriya, kapena ndere zobzalidwa dala. Chomaliza ndi cha pampu yobwezera madzi.

Oweta ambiri amakonza zoti madzi odutsa mu sampu pa ola limodzi akhale ochuluka katatu mpaka kasanu kuyerekeza ndi a mu thanki yaikulu. Pa thanki yamalita 400, ndiye kuti malita 1,200 mpaka 2,000 pa ola. Sampu sidzazidwa mpaka pakamwa. Magetsi akazima, madzi a m'mapaipi ndi ena a pamwamba pa thanki yaikulu amatsikira mu sampu, ndipo ngati mulibe malo amatayikira pansi m'nyumba.

Mitundu ya zokhalamo mabakiteriya

Miyala yamoyo ndi zibenthu za mafupa a makorali akale zimene zakhala m'nyanja mpaka kudzaza ndi mabakiteriya, ndere, timasiponji ndi tinyama tina. Mwalawo siwamoyo, zamoyo ndi zimene zili pa iwo ndi mkati mwake. Uli ndi mabowo ambiri, choncho kunja kwake kumakhala mabakiteriya ofuna okosijeni ndipo mkati mumakhala ochotsa nitrate. Kuipa kwake n'kwakuti umatha kubweretsa tinyama tosafunika, monga nkhanu zodya makorali. Kukumba miyalayi kumawononganso matanthwe a m'nyanja, ndipo mayiko ena analetsa malondawa. Dziko la Fiji, lomwe linkagulitsa yambiri kunja, linaletsa kumapeto kwa 2017. Masiku ano miyala ina imachita kulimidwa, kutanthauza kuti miyala ya kumtunda imamizidwa m'nyanja kwa nthawi kenako n'kuvuulidwa.

Miyala youma ndi miyala ya laimu yokumbidwa kumtunda kapena youmbidwa kufakitale. Ilibe tinyama tosafunika, koma ilibenso mabakiteriya, ndiye imatenga nthawi yaitali kuti iyambe kugwira ntchito.

Dongo lootcha ndi galasi lamabowobowo zimabwera ngati timphete, timipira, timiyala kapena njerwa. Zitsanzo zodziwika ndi Siporax ndi MarinePure. Zili ndi timabowo tambirimbiri moti kachidutswa kakang'ono kamasunga mabakiteriya ochuluka. Koma timabowoti timatsekeka msanga ndi matope ngati madzi akufikapo osasefedwa, ndipo njerwa zina zimaphwanyika zikagwiridwa mosasamala.

Timipira tapulasitiki totchedwa bioballs timaikidwa pamwamba pa madzi kuti madziwo azidontherapo. Timapeza okosijeni wambiri ndipo timachotsa amoniya mofulumira. Tilibe malo obisika opanda okosijeni, choncho nitrate yense amene wapangidwa amabwerera mu thanki. Timakolanso zinyalala. Pa zifukwa zimenezi timagwiritsidwa ntchito kwambiri m'mathanki a nsomba zokhazokha kuposa a makorali.

Palinso timawilo tapulasitiki toyandama, monga K1, timene timazungulira m'madzi motakasidwa ndi mpweya. Njirayi inayambira ku Norway kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, poyeretsa madzi a zonyansa. Timawiloti tikamagundana timadzitsuka tokha, koma natonso sitichotsa nitrate.

Kuyala zokhalamo mu sampu

Lamulo loyamba ndi la malo. Zokhalamo mabakiteriya zimaikidwa pamene madzi adutsa kale pa nsalu yosefera ndi pa skimmer. Zikaikidwa pamene paipi imagwetsera madzi, zimasanduka dzala: zinyalala zimadzaza m'mabowo, okosijeni amalephera kulowa, ndipo malo a mabakiteriya ofunikawo amalandidwa ndi mabakiteriya ena odya zowola, amene amaswana mofulumira kwambiri.

Zisanalowe mu sampu, zinthu zatsopano zimatsukidwa kuti fumbi la kufakitale lichoke. Potsuka amagwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO kapena madzi amchere, osati sopo. Miyala youma imene inakhalapo mu thanki ina imanyikidwa m'chidebe chapadera kwa milungu ingapo kuti zowola zimene zinatsalira mkati zituluke.

Timiyala ndi timphete timaikidwa m'matumba aukonde kapena m'mabasiketi apulasitiki kuti tizichotsedwa mosavuta potsuka. Ndi bwino kukhala ndi matumba awiri kapena atatu ang'onoang'ono kusiyana ndi limodzi lalikulu. Thumba silidzazidwa mothinana, chifukwa madzi amalambalala malo othina n'kudutsa m'mbali. Matumbawo, ngakhalenso njerwa, amakwezedwa masentimita awiri kapena atatu kuchoka pansi, pa kathandala kapulasitiki. Mpata umenewu umalola madzi kudutsa pansi, ndipo matope ogwera m'menemo amakokedwa ndi kapaipi popanda kusuntha chilichonse.

Ngati cholinga ndi kuchotsa amoniya, zokhalamo zimaikidwa pamene madzi akuyenda bwino, monga pakati pa timakoma tiwiri pamene madzi onse amakakamizika kudutsa. Ngati cholinga ndi kuchepetsa nitrate, njerwa yochindikala kapena mwala waukulu umaikidwa pamalo pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono. Zinthu zadongo ndi miyala ziyenera kukhala zomira nthawi zonse. Chipinda cha pampu sichiyenera, chifukwa ndi mmene madzi amatsika akamauluka ndi kutentha, komanso tizibenthu tingalowe mu pampu n'kuiwononga. Ndi bwinonso kuti zikhale pamdima. Nyale ya ndere ikamaziwalira, ndere zimamera pamwamba n'kutseka mabowo.

Pa za kuchuluka, malangizo akale ankati kilogalamu imodzi ya miyala yamoyo pa malita 8 mpaka 10 alionse a madzi. Masiku ano anthu ambiri amaika miyala yochepa mu thanki yaikulu kuti makorali apeze malo okulira, ndipo zokhalamo za mu sampu zimakwaniritsa pamene paperewera. Komabe mabakiteriya amachuluka molingana ndi chakudya chimene chilipo, osati malo okha. Amoniya akakhala wochepa, kuwonjezera matumba ena sikuwonjezera mabakiteriya, kumangowonjezera malo osonkhanira matope.

Kukhwimitsa sefa

Sefa yatsopano imakhala ilibe mabakiteriya okwanira, ndipo nsomba zambiri za oyamba kumene zimafa pa nthawi imeneyi. Kukhwimitsa sefa ndi kudyetsa mabakiteriya amoniya thanki ilibe nsomba mpaka atachuluka.

Poyamba thanki imadzazidwa ndi madzi amchere wokwana magalamu 35 pa kilogalamu imodzi ya madzi, mofanana ndi a m'nyanja, ndipo kutentha kumasungidwa pakati pa madigiri 24 ndi 27. Mapampu onse amayatsidwa. Kenako mumathiridwa mankhwala a ammonium chloride mpaka amoniya afike pafupifupi mamiligalamu awiri pa lita. Ena amangoikamo chakudya cha nsomba kapena kanyama ka m'nyanja kakufa kuti kawole. Mbewu ya mabakiteriya imachokera ku mwala wamoyo, ku thumba lotengedwa mu thanki yakale yopanda matenda, kapena ku mabotolo ogulitsidwa m'masitolo a ziweto.

Madzi amayezedwa pakapita masiku awiri kapena atatu alionse. Amoniya amayamba kutsika pamene nitrite akukwera. Pambuyo pake nitrite naye amatsika ndipo nitrate amayamba kuoneka. Sefa imatengedwa kuti yakhwima ngati amoniya wothiridwa kachiwiri watha pasanathe maola 24. Ndi miyala youma zimenezi zimatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, koma ndi miyala yamoyo kapena mbewu yabwino zimatha msanga. Zikatero madzi ena amasinthidwa kuti nitrate atsike, ndipo nsomba zimalowa pang'onopang'ono, imodzi kapena ziwiri pa nthawi, kuti mabakiteriya azichuluka limodzi ndi zonyansa.

Nitrate ndi makorali

Makorali ambiri a m'madera otentha amakhala ndi tindere tating'onoting'ono m'thupi mwawo, totchedwa zooxanthellae. Tindereti timapanga chakudya ndi kuwala n'kugawirako korali. Nitrate akachuluka, tindereti timachulukanso mopyola muyeso ndipo korali amasanduka wofiirira, pamene ndere zina zimamera pa miyala n'kuphimba makorali. Nitrate akatheratu, makorali amatuwa ndi njala. Oweta ambiri amayesetsa kuti akhale pakati pa miligalamu imodzi ndi mamiligalamu 10 pa lita.

Zokhalamo mabakiteriya pazokha nthawi zambiri sizikwanitsa kuchotsa nitrate yense. Choncho zimayendera limodzi ndi njira zina: kusintha madzi okwana 10 peresenti pa mlungu umodzi kapena iwiri, kusadyetsa nsomba mopitirira, skimmer yogwira bwino ntchito, ndi kubzala ndere za mtundu wa Chaetomorpha m'chipinda chimodzi cha sampu. Nderezi zimayamwa nitrate ndi phosphate pokula, ndipo zikakololedwa n'kutayidwa, zonyansazo zimachokera limodzi.

Kusamalira sefa

Nsalu yosefera imasinthidwa pakapita masiku awiri kapena atatu, chifukwa zinyalala zikakhalitsamo zimawola n'kubwerera m'madzi. Matumba a zokhalamo amatsukidwa pakapita miyezi ingapo, powagwedeza m'ndowa ya madzi amene achotsedwa mu thanki. Madzi a kumpopi sayenera, chifukwa kolorini amapha mabakiteriya. Satsukidwa onse tsiku limodzi, koma limodzi lero, lina pakapita milungu. Chimodzimodzinso pochotsa timipira takale tapulasitiki: timachotsedwa pang'onopang'ono, pa milungu ingapo, uku amoniya akuyezedwa.

Mankhwala ena a nsomba amawononga sefa. Mankhwala opha mabakiteriya, monga erythromycin, angaphenso mabakiteriya ofunikawa. Mankhwala okhala ndi kopa amapha makorali ndi tinyama topanda msana, ndipo amalowerera m'miyala n'kumatulukamo pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Pa chifukwa chimenechi nsomba yodwala imapatsidwa mankhwala mu thanki yapadera, ndipo zokhalamo zimene zinakhudzana ndi kopa sizibwezedwa mu sampu.

Kuzima kwa magetsi ndi ngozi ina yaikulu. Pampu ikaima, madzi a mu sampu amadukana ndi a mu thanki yaikulu, ndipo okosijeni wa m'matumba othinana amatha m'maola ochepa. Oweta amasunga kapampu kampweya koyendera mabatire kapena invata yoyendetsa pampu. Ngati magetsi azima kwa nthawi yaitali ndipo madzi a mu sampu akununkha ngati mazira owola, ndiye kuti mwapangika mpweya wapoizoni wa hydrogen sulfide. Madzi amenewo amatayidwa ndipo matumba amatsukidwa pampu isanayatsidwe, kenako amoniya amayezedwa tsiku lililonse kwa mlungu wathunthu.

Kodi zokhalamo za mu sampu n'zofunika nthawi zonse?

Oweta sagwirizana chimodzi pa funsoli. Otsatira njira ya Berlin amati thanki yokhala ndi miyala yamoyo yokwanira, mchenga ndi skimmer yabwino sifunanso china, popeza mabakiteriya ali kale paliponse pamene madzi akukhudza, ndiponso makorali ndi ndere zimayamwa amoniya mwachindunji. Mathanki ambiri a makorali akhala zaka zambiri mu sampu mulibe thumba ngakhale limodzi.

Zokhalamo zowonjezera zimathandiza kwenikweni pamene thanki ili ndi miyala yochepa, ilibe mchenga pansi, kapena ili ndi nsomba zambiri zodya kwambiri. Zimathandizanso ngati nkhokwe ya mabakiteriya. Thumba limene lakhala mu sampu kwa mwezi umodzi kapena iwiri lingasamutsidwire mu thanki yosungiramo nsomba zatsopano kapena zodwala, ndipo thankiyo imakhala ndi sefa yokhwima kuyambira tsiku loyamba.